Kodi ndilowe m'bungwe la madokotala la ku Texas, kapena ndikhala ndikungotaya ndalama?

Funso: "Adokotala, ndinaphunzira udokotala ku College of Medicine ku Blantyre, ndipo nditagwira ntchito zaka zingapo kwathu ndinabwera kuno ku America. Ndangomaliza kumene residency, maphunziro a ukatswiri ochitira m'chipatala, ndipo mwezi wamawa ndiyamba ntchito pa chipatala chaching'ono cha m'tauni ina yakutali ku Texas, pansi pa ndondomeko ya Conrad 30, yolola madokotala obwera kukhalabe m'dziko lino akavomera kugwira ntchito m'madera osowa madokotala. Ndalandira kalata yochokera ku Texas Medical Association yondipempha kuti ndikhale membala ndi kumalipira chaka ndi chaka. Chiphaso chogwirira ntchito ndili nacho kale. Kodi bungweli ndi lofanana ndi Medical Council of Malawi, moti ndikapanda kulowa ndingalandidwe chiphaso? Ngati si choncho, lingandithandize chiyani ine munthu wobwera, wolembedwa ntchito, amene ndili ndi ngongole komanso abale ondiyembekezera kwathu?"

Yankho: Ndiyambe ndi kukuyamikirani, Adokotala, chifukwa aliyense wa ife amene anadutsa m'mayeso a udokotala a kuno otchedwa USMLE ndi m'zikalata za ECFMG, bungwe lotsimikizira maphunziro a madokotala ochokera kunja, akudziwa kuti pamene mwafikapo si pafupi. Za chiphaso mtima wanu ukhale m'malo. Palibe amene angakulandeni chifukwa choti simunalowe m'bungweli, ndipo madokotala ambiri kuno amagwira ntchito mpaka kupuma osalipirako ngakhale senti imodzi. Chiphaso chanu chinachokera ku Texas Medical Board, yomwe ndi nthambi ya boma yokhala ndi mphamvu yopereka, kuimitsa ndi kulanda ziphaso, ndipo iyoyo ndiyo ikufanana ndi Medical Council yakwathu. Texas Medical Association, imene anthu amangoitchula kuti TMA, ndi bungwe la madokotala eniake, lolowa mwakufuna kwako, monga momwe ilili Society of Medical Doctors ku Malawi. Kusiyana kwake mukusunge bwino m'mutu, chifukwa tsiku lina kudzakuthandizani: Board inakhazikitsidwa kuti iteteze anthu kwa madokotala, pamene TMA inakhazikitsidwa kuti ilankhulire madokotala.

Chimene chinanditengera zaka kuti ndichimvetse nditangofika kuno n'chakuti nkhani zambiri zokhudza ntchito yathu sizigamulidwa ku Washington. Malamulo a ziphaso, malamulo a milandu imene wodwala amasumira dokotala, malire a ntchito imene namwino kapena wogulitsa mankhwala angagwire, kayendetsedwe ka Medicaid (inshulansi ya boma ya anthu opeza zochepa), ndi gawo lalikulu la malamulo a makampani a inshulansi, zonsezi chigawo chilichonse chimadzikonzera chokha. N'chifukwa chake bungwe la madokotala la chigawo limakhudza moyo wanu wa tsiku ndi tsiku kuposa American Medical Association ya ku Chicago, ngakhale kuti iyoyo ndiyo yotchuka. TMA inayamba mu 1853, likulu lake lili ku Austin pafupi ndi nyumba ya malamulo, ndipo mamembala ake, kuphatikizapo ophunzira udokotala, amaposa 50,000, moti ndi lalikulu kuposa mabungwe onse a zigawo m'dziko lino. Pansi pake pali timabungwe ta maboma aang'ono otchedwa county, monga Harris County Medical Society ku Houston, ndipo mukalowa mumalowa ponse pawiri nthawi imodzi. Mfundo za bungwe zimamangidwa ndi nthumwi za timabungweti pa msonkhano wa House of Delegates, ndipo muli nthambi yapadera ya madokotala ophunzira kunja ngati inu ndi ine. Sitili ochepa: pafupifupi dokotala mmodzi mwa anayi alionse ku America anaphunzira kunja kwa dziko lino.

Ntchito yaikulu ya bungweli imachitikira ku nyumba ya malamulo. Aphungu a Texas amakumana kamodzi pa zaka ziwiri, m'zaka zothera pa nambala yosagawika pawiri, kuyambira mu Januware, kwa masiku 140 okha. M'masiku ochepawo mumabwera mabilu zikwizikwi, ndipo dokotala amene akuona odwala makumi atatu pa tsiku sangathe kuwerenga ngakhale khumi. Bungwe lili ndi maloya ndi anthu olembedwa ntchito yowerenga mabiluwo mzere ndi mzere, kupeza chiganizo chimodzi chobisika chimene chingasinthe kalembedwe kathu ka mankhwala kapena kalipiridwe kathu, ndi kukachikambirana ndi aphungu chisanadutse. Lachiwiri loyamba la mwezi pa nyengo ya zokambiranazi, madokotala amavala makhoti awo oyera ndi kukadzaza makonde a nyumbayo, mwambo umene amautcha First Tuesdays at the Capitol. Ndinapitako koyamba ndili wokayika, poganiza kuti phungu sangamvere munthu wa kalankhulidwe kachilendo ngati ine. Ndinapeza kuti phungu wa dera lakumidzi amatchera khutu kwambiri kwa dokotala wa m'tauni yake, chifukwa akudziwa kuti dokotalayo akachoka, anthu ake adzayenda ulendo wa maola awiri pa galimoto kuti akabereke. Pa mfundo imeneyi inuyo muli ndi mawu olemera kuposa katswiri wa ku Dallas.

Chitsanzo chimene aliyense adzakuuzeni ndi cha 2003. Zaka zingapo m'mbuyo mwake mtengo wa inshulansi yoteteza madokotala ku milandu unakwera koopsa, makampani angapo anasiya kugulitsa inshulansiyo ku Texas, ndipo madokotala ena oona amayi oyembekezera anasiya kubereketsa. Mu 2002 madokotala a ku Rio Grande Valley anafika potseka maofesi awo kwa tsiku limodzi posonyeza kukwiya. TMA pamodzi ndi zipatala inalimbikira mpaka mu 2003 aphungu anavomereza House Bill 4, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho anthu anavotera Proposition 12, mfundo yosintha malamulo aakulu a chigawo kuti alole malire pa chipukuta misozi, yomwe inapambana ndi mavoti ochepa chabe. Kuyambira pamenepo chipukuta misozi cha ululu ndi kuzunzika kwa mumtima chimene dokotala angalamulidwe kulipira sichipitirira madola 250,000, ngakhale kuti ndalama zolipirira chithandizo ndi malipiro amene wodwala wataya zilibe malire. Mtengo wa inshulansi unatsika, ndipo chiwerengero cha ofunsira ziphaso za Texas chinakwera. Inshulansi imene chipatala chanu chikugulireni ndi yotsika mtengo lero chifukwa cha nkhondo imene inamenyedwa inu musanafike.

Koma sindingakhale wachilungamo ndikakubisirani mbali ina ya nkhaniyi. Malire a madola 250,000 aja sanasunthe chiyambire 2003, pamene mitengo ya zinthu yakwera kwambiri. Wovulala amene sanali pa ntchito yamalipiro, monga mwana, nkhalamba kapena mayi wolera ana pakhomo, amavutika kupeza loya womuimira, chifukwa mlandu wake sungabweze ndalama zouyendetsera. Ku California, kumene malire ofananawo anaikidwa mu 1975, bungwe la madokotala la kumeneko linavomera mu 2022 kuti ayambe kukwera chaka ndi chaka. Ine ndimapindula ndi lamulo la Texas, komabe ndaonapo odwala amene linawapweteka, ndipo ndikuona kuti dokotala wolowa m'bungwe ayenera kulowa akudziwa kuti ili ndi bungwe lomenyera zofuna za madokotala, zomwe nthawi zambiri zimagwirizana ndi zofuna za odwala koma osati nthawi zonse. Pamene zagwirizana zotsatira zake zimakoma: bungweli linali m'gulu la amene analimbikira kuti mayi amene wangobereka azikhala pa Medicaid kwa miyezi 12 m'malo mwa iwiri, ndipo lamulolo linadutsa mu 2023. M'chigawo chimene chili ndi anthu ambiri opanda inshulansi ngati chino, kusintha kumeneku mudzakuona ndi maso anu m'chipinda choyezera odwala.

Mdani wanu wa tsiku ndi tsiku sadzakhala loya wa wodwala ayi, adzakhala kampani ya inshulansi. Kwathu tinazolowera kuvutika chifukwa choti mankhwala atha mu famase kapena makina awonongeka. Kuno makina alipo ndipo mankhwala alipo, koma muyenera kupempha chilolezo kwa kampani musanajambule wodwala kapena kumuyambitsa mankhwala odula, zimene amazitcha prior authorization, ndipo namwino wanu akhoza kutha theka la tsiku ali pa foni. Mu 2021 TMA inakankha lamulo la House Bill 3459, lodziwika ndi dzina loti gold card, limene limati dokotala amene zopempha zake za chithandizo china zavomerezedwa ka 90 pa 100 kalikonse asamapemphenso chilolezo pa chithandizocho, ndiponso kuti wokambirana nanu m'malo mwa kampani pempho lanu lisanakanidwe akhale dokotala wa chiphaso cha Texas wa ukatswiri wofanana ndi wanu. Musayembekezere zozizwitsa, chifukwa lamuloli limangogwira makampani amene ali pansi pa malamulo a Texas, ndipo madokotala amene analandiradi ufuluwo m'zaka zoyambirira anali ochepa kwambiri. Bungweli limapitanso kukhoti. Boma lalikulu litatulutsa ndondomeko zoyendetsera No Surprises Act, lamulo loteteza odwala ku ngongole zachipatala zosayembekezereka, TMA inaona kuti zikukondera mtengo umene makampani eniake amawerengera pothetsa mikangano ya malipiro. Inasuma mu Okutobala 2021, ndipo mu Febuluwale 2022 woweruza Jeremy Kernodle wa ku Tyler anathetsa gawo limenelo. Dokotala mmodzi payekha sakanakwanitsa kulipira mlandu wotere.

Pa zaka zimene ndinali ndi kiliniki yangayanga, kampani ina inayamba kudula malipiro a odwala anga ponena kuti ndikulemba manambala olakwika a matenda. Ndinalemba makalata kwa miyezi inayi osayankhidwa chogwira mtima. Nditatumiza mapepala onse ku ofesi ya bungwe yoona madandaulo a malipiro, munthu wa kumeneko, amene amakumana ndi akuluakulu a makampaniwa kawirikawiri, anandiuza kuti madokotala ena angapo adandaula za chinthu chomwecho, ndipo patapita milungu ingapo ndalama zinabwera. Chimene chinagwira ntchito si kukalipa kwanga koma kuti madandaulo athu anaunjikidwa pamalo amodzi. Inu monga wolembedwa ntchito simudzalimbana ndi zimenezi mwachindunji, popeza chipatala chili ndi ofesi yake yotolera ndalama, ndipo ndivomereze kuti mbali imeneyi ya bungwe imapindulitsa kwambiri eni makiliniki kuposa inu.

Pali nkhani imodzi imene mwina idzakusowetsani mtendere monga inandisowetsera ine. TMA imatsutsa mwamphamvu zoti ma nurse practitioner, anamwino a maphunziro apamwamba oyeza odwala ndi kulemba mankhwala, azigwira ntchito paokha popanda pangano ndi dokotala wowayang'anira, ndipo pa nyengo iliyonse ya zokambirana za aphungu nkhondoyi imabuka. Ife tinakulira m'dziko limene ma clinical officer amachita maopaleshoni obereketsa pakati pa usiku pa chipatala cha boma dokotala kulibe, ndipo ambiri a ife tinaphunzira kugwira mpeni m'manja mwawo. Choncho mawu ena amene amalankhulidwa pa misonkhano ya kuno amandiwawa m'makutu. Kumbali ina, maphunziro a ma nurse practitioner ndi osiyanasiyana kwambiri, ndipo nkhawa ya madokotala pa zimenezi si yopanda maziko. Ndinasankha kukhala m'kati ndi kumanena maganizo anga, ndipo kangapo ndaimirira pa msonkhano wa county kufotokoza zimene ndinaona kwathu. Sindinatembenuze bungwe, koma palibe amene ananditsekera pakamwa.

Tsopano ndinene zimene bungweli silingakuchitireni, chifukwa apa ndi pamene obwera ambiri amakhumudwira. Choyamba, si bungwe la apantchito lokambirana malipiro. Silingapite kwa abwana anu kukakupemphererani ndalama zambiri, ndipo silingaitanitse sitiraka. Malamulo a America oletsa amalonda kupangana mitengo amagwiranso madokotala odziimira paokha, moti mu 1982 khoti lalikulu la dziko lino linagamula, pa mlandu wa Arizona ndi Maricopa County Medical Society, kuti ngakhale kupangana mtengo wapamwamba umene madokotala sayenera kupitirira ndi kuphwanya lamulo. Chachiwiri, si loya wanu. Lingakupatseni zolemba zofotokoza malamulo ndi kukulozerani maloya odziwa nkhani za madokotala, koma silidzakuimirirani pa mlandu wanu.

Mfundo yachiwiriyi ikukukhudzani lero lino. Pansi pa Conrad 30, chigawo chilichonse chimaloledwa madokotala obwera 30 pa chaka, ndipo inu mwalonjeza kugwira ntchito zaka zitatu m'dera losowa madokotala. Kuchoka pa ntchitoyo nthawi isanakwane, popanda chifukwa chachikulu chovomerezeka ndi a zolowa ndi kutuluka, kukhoza kuika pachiswe chilolezo chanu chokhalira m'dziko lino, ndipo olemba ntchito ena amadziwa bwino kuti simungathawe. Ndaonapo mnzathu wina akupatsidwa usiku wochuluka kuposa anzake onse chifukwa cha chimenechi. Ngati simunasaine kontilakiti, kapena ngati ikudzakonzedwanso, lipirani loya wodziwa makontilakiti a madokotala kuti aiwerenge, ndipo loya wa za viza akhale wanu, osati wa chipatala yekha. Afunseni za maola a usiku, za amene adzalipire inshulansi yotchedwa tail, yomwe imakutetezani ku milandu yobwera mutachoka kale pa ntchito, ndi za ndime yokuletsani kugwira ntchito pafupi mukadzasiya. Pa ndime yomalizayi aphungu a Texas anaika malire mu 2025: chiletso chisapitirire chaka chimodzi ndi mamailosi asanu, ndipo ndalama yodziwombolera isapose malipiro anu a pa chaka. Bungwe linathandiza kuti malamulo otere akhalepo, koma woona ngati pepala lanu likuwatsata ndi loya wanu.

Chenjezo lina ndi la ndale. Pa fomu yolipirira umembala mudzaona mzere wopempha chopereka ku TEXPAC, thumba limene madokotala amathandizira nalo ofuna mipando pa zisankho. Ndalama ya umembala ndi yosiyana ndi choperekachi. Lamulo la boma lalikulu limaletsa mlendo amene alibe green card, chilolezo chokhazikika m'dziko lino, kupereka ndalama za ndale pa chisankho chilichonse, kaya cha dziko lonse, cha chigawo kapena cha mzinda. Mzere umenewo muusiye wopanda kanthu mpaka green card itatuluka, ndipo onetsetsani kuti mlembi wa chipatala asadzaze m'dzina lanu. Kupita ku Austin kukalankhula ndi phungu za odwala anu n'kololedwa.

Zothandiza zina ndi zazing'ono koma zenizeni. Board imafuna maola 48 a maphunziro opitiriza pa zaka ziwiri zilizonse, awiri mwa iwo a za chikhalidwe choyenera pa ntchito, ndipo bungwe limapereka maphunziro ambiri otere kwa mamembala kwaulere kapena motsika mtengo. Magazini yake ya Texas Medicine ndi makalata ake a pa intaneti amakudziwitsani lamulo likasintha, chinthu chofunika kwa munthu amene ali pa chipatala chopanda loya wakewake. Palinso Texas Medical Liability Trust, imene inayamba mu 1979 mothandizidwa ndi bungweli kuti igulitse inshulansi ya milandu kwa madokotala, ndi thumba la Physicians Benevolent Fund lothandiza madokotala ndi mabanja awo akagwa m'mavuto.

Kwa ine chachikulu kuposa zonsezi ndi anthu. M'tauni yaing'ono mukhoza kukhala munthu wakuda yekhayo wovala khoti loyera, kutali ndi Amalawi anzanu, ndipo kusungulumwa kumeneko kumadya munthu pang'onopang'ono. Pa chakudya chamadzulo cha county ndi pamene ndinadziwana ndi dokotala wa mtima amene kwa zaka zambiri ankayankha foni yanga usiku ndikakhala ndi wodwala wovuta, ndipo ndi komweko kumene ndinamva za ntchito yanga yachiwiri isanalengezedwe. Mukadzafuna makalata okuchitirani umboni pofunsira green card kapena ntchito ina, adzalemba ndi anthu amene anadya nanu.

Pali nthawi ziwiri zimene musadzadikire kapena kudalira bungwe lokha. Mukadzalandira kalata yochokera ku Texas Medical Board yonena kuti wina wakudandaulirani, musadzayankhe nokha ngakhale dandaulolo likuoneka lopanda mutu. Imbirani kampani ya inshulansi yanu tsiku lomwelo, popeza inshulansi zambiri zili ndi gawo lolipirira loya pa nkhani za Board, ndipo musadzasinthe kalikonse m'faelo ya wodwalayo. Nthawi yachiwiri ndi pamene mwaona kuti tulo tasowa kwa milungu, mowa wayamba kuchuluka, kapena maganizo ofuna kudzipha akubwera. Ife a kwathu tinaleredwa kuti za mumtima sitiuza alendo, ndipo madokotala amaopanso kuti akapempha thandizo ataya chiphaso. Bungwe ndi timabungwe tina ta county tili ndi alangizi amene amaona madokotala mwachinsinsi, ndipo boma lili ndi Texas Physician Health Program ya amene matenda kapena mowa wayamba kusokoneza ntchito yawo. Kudzipereka wekha zinthu zisanafike poipa n'kosiyana kutali ndi kukokeredwako ndi dandaulo. Zikafika pothina usiku, nambala ya foni ya 988, yothandiza amene ali ndi maganizo ofuna kudzipha, imayankhidwa nthawi iliyonse.

Langizo langa ndi loti mulowe, koma ndalama isatuluke m'thumba mwanu musanafunse. Zipatala zambiri zimalipirira madokotala awo umembala kapena zimapereka ndalama ya maphunziro imene ingagwiritsidwe ntchito imeneyi, ndipo amene angoyamba kumene ntchito nthawi zambiri amalipira mtengo wotsika, choncho funsani ofesi yolemba antchito ndiponso bungwe lenilenilo musanatumize cheke. Lembetsani dzina lanu ku nthambi ya madokotala ophunzira kunja, pitani ku misonkhano ya county katatu ngakhale mutatopa, ndipo nyengo ya aphungu ikafika pemphani tchuthi cha Lachiwiri limodzi mupite ku Austin. Chaka chikatha muone nokha ngati mwapezamo anthu oti mungawaimbire foni, ndipo ngati simunawapeze mukhoza kusiya osaopa chilichonse pa chiphaso chanu.